Mabowo Anayi pa Mphasa ya Abambo Aakulu

Asahikawa, 11 Malichi 1979

Okondeka achemwali anga a Fusae,

Landirani moni wochokera kwa mlongo wanu Katsu, mmisiri amene mitengo ya ku Hokkaido kuno ikangomva dzina lake imayamba kugwa yokha. Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi? Alamu anga a Sadao akadawodzerabe wailesi ili pamimba? Ine ndili bwino, kungoti chipale chofewa chatikwirira chaka chino mpaka akhwangwala akuchita kuwerama kuti asuzumire padenga.

Kalata yanu ndalandira. Mwati chikumbutso cha abambo chidzakhala pa 20 Meyi kwa abambo aakulu a Genzaburo, poti nyumba yathu ndi yaing'ono, komanso manda ali kuseri kwa nyumba yawo. Zaka ziwiri zakwana kale! Ine ndimangoona ngati ndi dzulo pamene ankandithamangitsa ndi tsache nditathawa sukulu. Mwatinso mawondo a amayi afika poipa, sangathe kugwada pansi nthawi yonse imene ansembe azidzayimba mapemphero, ndiye ndiwapezere kanthu kokhalira.

Ndiwapezere? Achemwali, pamenepa mwandilakwira. Mlongo wa msodzi saitanitsa nsomba ya m'chitini. Ine mipando sindipeza, ndimabereka. Mwezi watha tinapereka mipando kuhotela ina ku Sapporo, pano akuti alendo akukana kudzukapo, chakudya cham'mawa akudyera pomwepo mpaka chamadzulo, ena akufuna kukwatira nayo. Zojambula amajambula ndi a Horiuchi, kamnyamata ka magalasi kanakaphunzira ku Ulaya, koma ndimawauza tsiku lililonse kuti, "Aphunzitsi, papepala sipakhalika." Amene amasandutsa pepalalo kukhala chinthu choti munthu n'kuikapo matako ndine.

Auzeni amayi agone tulo. Adzakhala pampando umene mudzi wa Kamisawa sunauonepo chilengedwere.

Munditumizireko miso wa amayi, chiphala cha soya chokometsera msuzi chija, ndi mabiringanya amchere aja. Miso wa kuno amakoma ngati utuchi, ndipo utuchi ndimaudziwa, ndimadya tsiku lililonse.

Ndine mlongo wanu wotchuka,
Katsu

Kamisawa, 26 Malichi 1979

Katsu,

Tonse tili bwino, kupatula mawondo a amayi. Alamu ako akupereka moni, ndipo akuti kuwodzera kuli bwino kusiyana ndi kunama uli maso.

Kalata yako ndawawerengera amayi. Anaseka mpaka misozi, kenako anati ndikuuze kuti usavutike. Akufuna kanthu kakang'ono, ngati kampando kaja timakhalira posamba, kongoti mawondo apumeko. Akuti adzakhala nako kumbuyo pafupi ndi khoma, anthu asadziwe n'komwe kuti sakugwada. Ukumva, iwe? Kakang'ono.

Abambo aakulu aikapo mtima kwambiri pa mwambowu. Aitana wosoka mphasa, ndipo m'chipinda chachikulu chija, muli guwa la makolo, aikamo mphasa zochindikala zija za tatami, zatsopano zokhazokha. Zikadali zobiriwira, fungo la udzu likumveka mpaka kumsewu. Akazi awo, amayi aakulu, a Tokiyo, sakulola ngakhale mphaka kupondamo.

Miso ndatumiza. Mabiringanya anatha. Tiuze tsiku limene ufike, alamu ako adzakuchingamire kusiteshoni. Ndipo udzamete tsitsi.

Mlongo wako,
Fusae

Asahikawa, 22 Epulo 1979

Achemwali anga,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa alamu anga oona mtima ali m'tulo. Miso wafika, ndadya mpaka anzanga pantchito akundinunkhiza ngati mphika.

Kampando kosambira! Mayi wa Katsu, pamaso pa abale onse, akhale pakampando kosambira? Abambo akhoza kudzuka m'manda kudzandimenyanso ndi tsache lija. Amayi ndimawadziwa ine. Akati "usavutike" ndiye kuti vutika ndithu. Ngakhale tiyi amakana kawiri asanalandire.

Mvetserani tsono zimene manja awa achita. Bwana wathu a Kumagai anandilola kusankha thabwa la mtengo wa nara limene lakhala likuuma m'shedi kuyambira ine ndisanamere ndevu. Chotsamira ndinachiphika ndi nthunzi mpaka chinafewa ngati chingwe, n'kuchipinda kuti chikumbatire msana wa amayi. Msomali mulibe ngakhale umodzi, thabwa lalowa mu linzake n'kugwirana lokha, ndipo pamene alumikizana simungalowetsepo tsitsi. Pokhalira ndinapala mpaka ntchentche itaterapo inaterereka n'kuthyoka mwendo. Ndapaka mafuta okha, osati penti, kuti mizere ya mtengo izioneka.

Koma nkhani ili pamiyendo, achemwali. Ndi yaitali, yowonda ngati ya kakowa, ikumka icheperachepera mpaka kunsonga kwangotsala ngati kachala kanu kakang'ono. Ndiyo fashoni ya masiku ano, mpando uzioneka ngati ukuyenda monyang'ama. A Horiuchi ataona anavula magalasi, n'kupukuta, n'kuvalanso. A Kumagai anauzungulira, anaugwedeza, kenako anandifunsa kuti, "Ukaima pati mpandowu?" Ine ndinati, "Pakati pa anthu onse, bwana!" Anangoti "Mm" n'kumapita. Mkuluyo kuyamikira kwake n'komweko.

Za mphasa zatsopano ndamva, ndipo ndakondwa. Abambo aakulu achita bwino kukonzeratu bwalo, chifukwa mlendo akubwerayu ndi wolemekezeka.

Tsopano nkhani yowawa. Ine sindibwera. Sabata ya mwambowo kuli chionetsero cha mipando ku Tokyo, ndipo popanda ine chikhoza kugwa, anthu n'kubwerera kwawo akulira. Mpando ndautumiza pasitima, ndipo ndalemba adiresi ya abambo aakulu kuti musavutike kunyamula. Komanso, tinene zoona, kuti bokosilo alitsegulire pamaso pa onse. Mudzandiyang'anirire nkhope ya amayi aakulu a Tokiyo, mudzandilembere mmene inakhalira, osasiya kanthu.

Mlongo wanu, tate wa mipando,
Katsu

Asahikawa, 9 Juni 1979

Achemwali,

Moni. Kodi kumeneko mapepala anatha? Kapena nonse mukadali kukamwa yasa, dzanja likulephera kugwira cholembera? Ndikumvetsa. Ku Tokyo nakonso zinali choncho, mzungu wina anakhala pampando wathu n'kuyamba kulankhula chilankhulo chathu mwadzidzidzi.

Ndinakutumizirani khadi ndili komweko, simunayankhe. Lero wapositi ndamuima panjira mpaka wandilumbirira kuti sakubisa kanthu. Mwambo unayenda bwanji? Mpando unafika? Amayi anati chiyani? Ngati ansembe akufuna wawo, auzeni mzere ndi wautali koma ndiwaganizira.

Kapena amayi adwala? Lembani, achemwali. Mawu awiri okha akwana.

Katsu

Kamisawa, 20 Juni 1979

Katsu,

Amayi sakudwala. Tili moyo tonse. Ndinachedwa kuyankha chifukwa amayi anandiletsa, akuti mwana asamve. Koma ndatopa kuwerenga nthabwala zako, ndiye imva.

Bokosi lako linachedwa panjira. Linafika m'mawa wa tsiku lomwelo, anthu atayamba kale kusonkhana. Ine ndinali kukhitchini ndi azimayi anzanga. Masaru, mwana wa abambo aakulu, ndiye analitsegula pakhonde, abale onse ataunjikana. Anatulutsa mpando uja. Ndi wokongola, zimenezo sindikukana. Abambo aakulu anayang'ana miyendo ija n'kuyang'ana amayi, koma asanatsegule pakamwa amayi anati, "Wapanga ndi mwana wanga, ndi manja ake." Ndani akanayankha? Masaru anaulowetsa, ndipo poti ndi waukulu sunakwane kumbuyo, anauika kutsogolo pafupi ndi guwa.

Pamene ndinkalowa ansembe anali atayamba kale. Katsu, ndinafuna kubwerera kukhitchini. Anthu onse pansi, atagwada, ndipo amayi okha m'mwamba ngati akwera bulu, mapazi akulendewera. Mutu wa ansembe unkawalekeza m'chiuno. Chithunzi cha abambo paguwa ankachiyang'anira pansi. Usiku wake anandiuza kuti, "Ukwati wanga wonse sindinawayang'anirepo pansi abambo ako, ndadzayamba atamwalira."

Koma zimenezo n'zochepa. Mapemphero ali mkati, amayi akuti anamva mwendo umodzi wakumbuyo ukulowa mumphasa, pang'onopang'ono, udzu ukuduka. Anasunthira kutsogolo kuti aupepuze, yakutsogolo nayo inalowa. Anangouma pomwepo, osapuma bwino, thukuta kamukamu. Mbale ya lubani inawapeza ali pompo, anafukizira pomwepo.

Mapemphero atatha onse anadzuka kuti tikwere kumanda. Amayi anakana. Akuti chizungulire. Ndinawagwira mkono, anandinong'oneza kuti, "Ndikadzuka aona." Tinapita tokha. Pachikumbutso cha mwamuna wawo, amayi sanafike pamanda. Anatsala okha m'chipinda chija atakhala pampando wako.

Titabwerera panafunika kuyala matebulo a chakudya. Panalibenso pothawira. Alamu ako anawatsitsa amayi, Masaru anakoka mpando, unakana, anakokanso, unazuka ndi udzu kumiyendo. Mabowo anayi, Katsu, pamphasa yatsopano, kutsogolo kwenikweni kwa guwa la makolo.

Wafunsa za nkhope ya amayi aakulu a Tokiyo. Anamwetulira. Anati, "Aa, musadandaule amayi a Fusae. Mwina ku Hokkaido anthu amakhala m'khola, pansi pake ndi pouma." Wina anaseka n'kudzibisa ndi chifuwa. Abambo aakulu anadzuka. Anatenga khushoni n'kuvundikirapo, basi. Amayi anagwada pansi, ndi mawondo omwe aja, mphumi pamphasa, kupepesa. Kuti adzuke tinachita kuwanyamula awiri.

Sanadye. Mpando alamu ako anausenza kubwera nawo kunyumba kutada, kudzera njira ya kuminda.

Iwe unabadwira pa tatami, unakwawira pa tatami. Ndinakulembera kuti kakang'ono.

Fusae

Asahikawa, 27 Juni 1979

Achemwali,

Moni kwa inu ndi alamu. Kwa amayi sindikudziwa ngati moni wanga ungalowe m'nyumba.

Kalata yanu ndinawerengera pantchito, nditaitana anzanga kuti adzamve mmene mudzi wagwedezekera. Ndinayamba mokweza. Pofika pa bulu paja mawu anandithera, mnzanga wina n'kundilanda pepala kumalizitsa yekha. Pano dzina langa kuno ndi Chiboola. Ndikalowa pakhomo amanyamula mapazi m'mwamba.

Ndinafuna kunena kuti wosoka mphasayo ndi wachinyengo, udzu wake ndi wowola. Ndinalemba kale pepala lathunthu lomutukwana, ndang'amba. Mphasa ilibe mlandu. Zaka zonsezi ndakhala ndikupangira mipando pansi pa matabwa ndi pa simenti, m'mahotela ndi m'nyumba zosanja, mpaka ndinaiwala pansi pa kwathu. Mwana wa sukulu ya mkaka akudziwa kuti pa tatami suimikapo chosongoka. Ine ndinasongola dala, masiku atatu, ndikuimba nyimbo.

A Kumagai sanaseke. Anangoti, "Ndinakufunsa kuti ukaima pati." Kenako anapitiriza kunola tchizulo chawo. Bola akanandimenya nacho.

Chimene chikundisowetsa tulo si mabowo. Ndi amayi okha m'chipinda muja, inu nonse muli kumanda, iwo akuteteza dzina la chitsiru. Ndikaganiza zimenezo mpunga ndimausiya m'mbale, ine amene ndimatha mbale zinayi.

Chonde pitani kwa wosoka mphasa, asoke ina, zonse ndilipira ine. Mpandowo alamu awaze nkhuni, nara amayaka bwino. Pa Obon, mwambo wolandira mizimu uja, sindibwera, kuno ntchito yachuluka kwambiri. Komanso nkhope yoti ndidutse nayo pamudzipo ndilibe, ndafufuza m'sutikesi monse.

Katsu

Kamisawa, 15 Julayi 1979

Katsu,

Tili bwino. Mpunga wakula, mvula ikugwa yambiri.

Za mphasa alamu ako anakanena. Abambo aakulu akana. Akuti, "Sindinapemphe mphasa kwa munthu." Mabowo akadalipo, khushoni lili pamwamba, ndipo amayi aakulu amalivundukula mlendo aliyense akafika.

Za nkhuni usabwerezenso. Alamu ako atangotchula nkhwangwa amayi anawayang'ana mpaka anakapepesa. Mpando auika m'chipinda mwawo pamwamba pa thabwa, aufunditsa nsalu, m'mawa uliwonse amaupukuta. Sakhalapo.

Nkhani ndi iyi. Chichitikire zija amayi sanapite kumanda. Ukudziwa kuti njira yake imadutsa pakhonde pa abambo aakulu, ndipo sungadutse osapereka moni. Kale ankapita tsiku limene abambo anamwalira mwezi uliwonse, ngakhale mawondo akuwawa. Pano amafika pokhota msewu, pamtengo wa kaki paja, n'kuyatsa lubani m'mphepete mwa ngalande atayang'ana kuphiri. Anthu akuwaona. Dzulo ndinawapeza akuuza abambo, kuchokera pamsewupo, kuti apirire udzu, adzabwera kukazizira.

Obon ndi mwezi wamawa. Mabanja onse adzakwera kukatenga mizimu yawo ndi nyali. Abambo adzawatenga ndani, mkazi wawo ali pangalande?

Ukuti ulibe nkhope. Amayi anaika yawo pamphasa chifukwa cha iwe. Bwera ndi yomwe uli nayoyo.

Fusae

M'sitima ya pamadzi, pobwerera ku Hokkaido, 17 Ogasiti 1979

Achemwali anga,

Moni, ngakhale tasiyana dzulo lomweli. Nyanja yakwiya, zilembo zikapendama musati ndaledzera.

Munandifunsa zimene zinachitika kwa abambo aakulu tsiku ndinapita ndekha lija, ine n'kukuuzani kuti tinamwa mowa wa sake ngati mabwenzi ndipo anandipempha kuti ndiwaphunzitse ukalipentala. Alamu anali pomwepo, ndiye pakamwa panayenda pokha. Mmene zinayendera ndi umu.

Munandiona ndikutuluka mpando uli kumsana, nditaumanga ndi chingwe, macheka m'manja. Ndinafuna kudzera kuminda, koma ndinati ayi, unalowa poyera utulukenso poyera. Pagolosale paja madoda anali pabenchi. Wina anakuwa kuti, "Katsu, wabwera kudzabzala mpunga m'nyumba ya yani lero?" Ine amene sindisowa yankho ndinangowerama, miyendo ya mpando ikuloza kumwamba ngati nyanga.

Amayi aakulu ananditsegulira. "Aa, amisiri afika. Tichotse mphasa kapena muyamba ndi denga?" Ndinavula nsapato, ndinagwada pakhomo la chipinda chachikulu, mphumi pansi. Mawu amene ndinakonza m'sitima, okoma ngati a pawailesi, onse anathawa. Ndinangoti, "Abambo, ndinalakwa. Amayi alibe mlandu." Abambo aakulu anali pakhonde akusenda nsungwi. Anandisiya choncho mpaka khosi linauma, ndinkangomva mpeni wawo ndi nyenje kunja.

Kenako analowa, n'kuchotsa khushoni lija ndi phazi. "Bwera. Lowetsa chala." Ndinalowetsa. Chinalowa mpaka pa mfundo yachiwiri. "Linalo." Anandilowetsetsa onse anayi, amayi aakulu akuonerera ndi thireyi m'manja. Atatero anati, "Ine ndi bambo ako tinabadwira m'chipinda chino. Ndinafuna mng'ono wanga apeze pabwino." Achemwali, ndinalira. Mamina ndithu, pamphasa yomweyo, mpaka ndinaopa kuti ndiionongeranso kachiwiri.

Ndinapempha kuti andilole kugwira ntchito pakhonde pawo. Anasuntha nsungwi zawo kundipatsa malo. Ndinaugoneka mpando, ndinayesa kutalika kwa mwendo wa amayi monga ndinawayezera usiku akundikaniza, n'kulemba mzere. Macheka atagwira mwendo woyamba dzanja linakana. Miyendo ija, achemwali! Mkulu uja anati, "Ukudikira kuti iphuke masamba?" Ndinadula yonse inayi. Ndinasema nsonga zatsopano, n'kuzilowetsa m'timatabwa tiwiri tosalala timene ndinakonzeratu ku Asahikawa, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere, togona pansi ngati mapazi a chileyi. A Kumagai ndi amene anandisankhira thabwa lake. Mpando wanga wa kakowa unasanduka bakha.

Ndinaulowetsa, ndinakhalapo, ndinadzigwedeza, ndinadzuka. Pamphasa panalibe ngakhale kamzere. Abambo aakulu anati, "Iwe ndiwe wopepuka, m'mutu mulibe kanthu. Choka." Anagwira khoma, anatsika pang'onopang'ono, n'kukhalapo. Mawondo awo analira ngati chitseko chakale. Kenako anatulutsa mpweya wautali, maso atatseka. Mkulu uja mawondo akumupweteka, achemwali, mwina kuposa amayi, koma angauze ndani? Amayi aakulu anati, "Bambo, tiyi akuzizira," iwo anati, "Azizire."

Atatsegula maso anandipeza ndikuwayang'ana, ndiye anakwiya. "Ukuona chiyani? Chinthu ichi chinalakwira pano, chigwire ntchito pano. Sichituluka. Ukawauze amako kuti mpando wawo uli kuno, akaufuna adzaupeza. Uwauzenso kuti mwamuna wawo udzu wamumiza kuphiriko, ine ndakalamba, sindingamalimire amuna a eni."

Zotsalazo munaona nokha. Amayi atamva anangoti, "Anatero?" n'kuyamba kufunafuna chikwakwa. Pamtengo wa kaki paja anaima pang'ono, kenako anapitirira. Ine ndinali kumbuyo ndi nyali, sindinathe kuyang'ana pamene ankapereka moni pakhonde. Ndinkawerenga nyerere.

Manyazi sanandichoke. Mabowo aja akuti sasintha mphasa mpaka ithe yokha, ndiye adzukulu a Masaru adzalowetsamo zala n'kumatchula dzina langa. Koma ndaganiza chinthu. Ndikafika ndiwapangira abambo aakulu wawowawo, wamfupi, wa mapazi a bakha, wokoma moti adzaiwala kufa. Wa amayi ubwerere kunyumba. Afunseni amayi ngati mkuluyo amakonda mtengo woyera kapena wakuda.

Mlongo wanu,
Katsu Chiboola

Kamisawa, 24 Sepitembala 1979

Mwana wanga Katsu,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, upirire zilembo. Ndili bwino. Uzivala zofunda, kumeneko kumazizira msanga.

Kumanda ndikupita. Udzu ndinazula wonse. Pobwerera ndimaima kwa abambo ako aakulu, amandiitana okha, amati bwerani mudzakhalire mpando wanu ungachite nkhungu. Ndimakhala, a Tokiyo amabweretsa tiyi. Pakamwa pawo mpomwe paja, koma tiyi amabweretsa. Msana wanga umakwana bwino pachotsamira chija. Unapinda bwino.

Nthawi zonse ndikamakhala ndimapeza pokhalira pali potentha. Abambo ako aakulu amakhala atagwada pambali, akuyang'ana kudenga. Ine ndimangomwa tiyi wanga.

Fusae wandiuza kuti ukufuna kupanga wina. Ukapanga, wanga ubwerera kuno, ndipo iwo adzasowa chondiitanira, ine ndidzasowa choimira pakhomo pawo. Nthawi ino sindikukana mwaulemu ngati tiyi. Usapange.

Mayi ako